Tsamba Likagwa M'chigafa, Musalitole Msanga

Mawu a Mayi Fainala Gondwe, mlendo wolemekezeka, potsegulira chipinda choyezera kuiwala kwa achikulire aulumali wa ubongo, pa chipatala chaching'ono cha m'dera la Lisasadzi, m'boma la Kasungu

Olemekezeka oimira Bwanamkubwa wa boma lathu la Kasungu. Olemekezeka akuluakulu a zaumoyo amene mwalawirira kuchokera ku Boma. Olemekezeka mafumu athu, eni nthaka taimapoyi. Abusa athu ndi abambo mfumu a ku parishi, amene lero mwakhalira benchi imodzi ngati ana a mimba imodzi. Adokotala ndi anamwino a chipatala chino, makamaka Mayi Agnesi Chisale, amene dzina lawo mulimva kangapo. Alangizi a zaumoyo a m'midzi. Amayi anzanga a Chigwirizano. Abale athu matenanti a m'maesiteti, amene mwasiya fodya ntchito ili pakati. Ndipo potsiriza, olemekezeka a Kalekeni, mlongo wanga, amene mwakhala kutsogoloku mutavala jekete la malemu bambo athu, olemekezeka a Esau amene mwakhala pambali pawo, ndi achikulire nonse amene chipindachi chamangidwira inu. Ndakutchulani ndi ulemu wonse mwadala, chifukwa imvi zanu n'zoyera ngati za wina aliyense pano, koma ambiri a ife timakuitananibe ngati ana.

Atabwera a komiti kudzandiuza kuti mlendo wolemekezeka ndidzakhala ine, ndinacheuka kuti ndione amene akumuuzayo. Kumbuyo kwanga kunali mbuzi. Ndinati, "Kodi alendo atha ku Lilongwe?" Iwo anati, "Alendo alipo ambiri, amayi, koma tikufuna munthu wodziwa chimene tikutsegula." Ine sukulu ndinalekeza Fomu 4, ndipo za ubongo wa munthu sindinaphunzire. Chimene ndikudziwa ndi munthu mmodzi. Mundilole ndiyankhule za iyeyo, ndipo pamene ndiphonye, Mulungu ndi inu mundikhululukire.

Pobwera kuno m'mawa pa kabaza, ndimayang'ana dziko lathuli. Dziko lathyathyathya, loti diso limayenda mpaka kutopa lokha, phiri la Kasungu likuoneka patali ngati layandama pa nkhungu, ndipo uku ndi uku zigafa zadzaza fodya, wina akadali wobiriwira, wina wayamba chikasu, wina wafiira kale, fungo lake likukutsata ngati munthu wofuna kukuuza kanthu. Mtima wanga unati: munthunso ndi chigafa. Chilichonse chimene waphunzira chiyambire kubadwa chimakolowekedwa m'kati mwake, tsamba ndi tsamba, mkangala ndi mkangala, timitengo tija tokolowekapo fodya. Ena zigafa zawo n'zazitali, monga mabwana mwakhala apanu. M'chigafa chotere tsamba likagwa, aliyense amaona, amati agogo ayamba kuiwala, tiyeni nawo ku chipatala. Koma pali ena amene chigafa chawo n'chachifupi chibadwire. Mmenemo tsamba likagwa timangoti, "Aa, munalibe kanthu ndi kale. Anabadwa choncho."

Ndaima pano kudzachitira umboni kuti munali kanthu.

A Kalekeni ndi mzime m'nyumba mwathu. Anabadwa ndi ulumali uja wa nkhope yozungulira ndi lilime lolemera, ndipo ku sukulu anangopitako kukasewera mpaka aphunzitsi anati ndi bwino azikhala kunyumba. Masiku a sabata sanawadziwepo. Kuwerenga sanadziwepo. Koma malemu bambo athu anali munthu wosatopa. Ankawakhazika m'chigafa, n'kuwagwira zala, n'kumawaphunzitsa kusoka masamba a fodya ndi kumanga chingwe kumapeto kuti masamba asapulumuke pa mkangala. Zinatenga zaka, mvula kubwera, mvula kupita. Tsiku lina zala zinangogwira zokha. Ndipo kamangidwe kawo kanali kawokawo: kuzunguliza kawiri, kukoka ndi mano, kenaka kusisita pamene amangapo n'kunena kuti, "Khala pompo." Alimi achikulire muli pano mukudziwa. Mphepo ya mkuntho inkatha kusasula udzu wa chigafa, koma chingwe chomanga a Kalekeni sichinkataya tsamba. Ndikuona a Dorika, mlamu wanga, akugwedeza mutu. Gwedezani ndithu, mlamu, nkhani yanu ikubwera.

Chaka chatha, fodya ali m'chigafa ngati lero, ndinayamba kupeza masamba pansi. Ndinati zingwe za masiku ano n'zabodza. Ndinanamizira mphepo, ndinanamizira makoswe, mbuzi ija inamenyedwa popanda mlandu. Kenaka tsiku lina ndinaima chapatali n'kumayang'ana. Ndinaona zala za mlongo wanga zikupita pa chingwe monga mwa masiku onse, n'kuima. Zinaima monga amaimira munthu pa mphambano imene wadutsapo moyo wake wonse, koma lero sakudziwa kuti kwawo n'kuti. Anandiyang'ana, n'kuseka, n'kunena kuti, "Achemwali, chathawa."

Ine ndinati, "Chibwera, achimwene. Kadyeni kaye." Atapita, ndinatola masamba aja n'kumanga ndekha, kuti asachite manyazi.

Ndinawatengera ku chipatala china chachikulu. Adokotala anatilandira bwino, n'kuyamba mafunso awo oyezera kuiwala. "Bambo, lero n'lachingati?" Ine: "Lachiwiri." "Bambo, chaka chino n'chaka chanji?" Ine n'kuyankhanso. Mpaka adokotala anaika cholembera pansi n'kunena kuti, "Amayi, inu mwakhoza zonse, koma odwala si inu." Musaseke kwambiri, nonsenu mumachita zomwezo. Kwathu kuno munthu ukaperekeza wodwala umasanduka pakamwa pake. Timati ndi ulemu, timati ndi chikondi, ndipo n'zoona.

Ndiye ndinatseka pakamwa. Anafunsanso kuti lero n'lachingati. A Kalekeni anaganiza, anaganiza, n'kunena kuti, "Lero ndi lero." Anawauza kuti awerenge manambala chobwerera m'mbuyo. Iwo anayamikira wotchi ya adokotala. Pamenepo adokotala aja, Mulungu awadalitse kumene ali, anandiuza zoona. Anati, "Amayi, mafunso awa anapangidwira munthu amene kale ankawadziwa mayankho ake. Achimwene anuwa akanalephera ngakhale ali mnyamata. Ndikanena kuti akudwala chifukwa alephera, ndanama. Ndikanena kuti ali bwino chifukwa ndi mmene alili, ndanamanso. Madzi a m'chitsime sungadziwe kuti atsika ngati sunaone pamene ankalekeza."

Pobwerera mu minibasi, a Kalekeni akudya chimanga chootcha, anandifunsa kuti, "Ndakhoza mayeso?" Ndinati, "Mwakhoza." Ndinayang'ana pa zenera kuti asaone nkhope yanga.

Kumudzi zinthu sizinaime. Tsiku lina dzuwa lili paliwombo anapezeka ataima m'nyumba ya eni, sakudziwa kuti alowamo bwanji. Kuwaitana, osacheuka. Ku tchalitchi, kumene ankaimba mokweza kuposa kwaya yonse, anangokhala duu. Ndipo mawu ena anayamba kuyenda pa mjigo, mawu aja a ufiti. Mafumu muli pano, mukudziwa kumene mawu amenewo amakathera akagwera munthu wokalamba wosatha kudziyankhira.

M'masiku amenewo ndi mmene kunabwera Mayi Agnesi Chisale, namwino wa chipatala chino, pa njinga yamoto, fumbi mpaka m'nsidze. Sanatiitanire mu ofesi. Analowa m'chigafa, n'kukhala pa njerwa, n'kunena kuti, "A Kalekeni, ine ndinakulira m'tauni. Tandiphunzitseni kusoka fodya." A Kalekeni anawagwira dzanja, n'kulitembenuza, n'kunena kuti, "Manja ngati buledi." Koma anayamba kuwaphunzitsa, ndipo namwino ankangoyang'ana zala zija, pamene zikuyenda ndi pamene zikuima.

Kenaka anatifunsa ife, amayi amene timagwira ntchito m'chigafa chimenecho, kuti zimenezi zinayamba liti. Ine ndinayankha molimba mtima kuti chaka chomwecho, popeza ndinali ine womangiranso mobisa. A Dorika anatsokomola. Anati, "Pepani mlamu, ine ndinayamba kumangiranso dzinja linalo. Sindinafune kuti mudandaule." A Ezelina, oyandikana nafe nyumba, anaomba m'manja: "Aa! Kodi munali inu? Ine ndinkadabwa kuti zingwe zina wandimangira ndani! Inetu ndinayamba kale kuposa nonsenu." Amayi atatu, chigafa chimodzi, aliyense kubisira anzake, aliyense kuganiza kuti chinsinsi n'chake yekha. Tinaseka mpaka kugwirana mapewa, ndipo sindikudziwa kuti kusekako kunasanduka liti kulira.

Mayi Chisale anadikira kuti titonthole. Kenaka anati, "Amayi, mwasesa bwalo bwino kwambiri, mpaka mapazi a matenda osaoneka. Kuyambira lero, tsamba likagwa musalitole msanga. Liyang'aneni kaye. Muone kuti lagwa pati, lagwa bwanji, mudzandiuze."

Mabwana ochokera ku Boma, mwina simukumva kulemera kwa mawu amenewo. Funsani mlimi aliyense pano. Ife tinaleredwa kuti tsamba la fodya siligona pansi. Talisamala kuyambira ku nazale, taliwokera, talipalira, talithyola ndi msana wowawa. Mwana akalidumpha osatola amakalipiridwa. Ndiye munthu n'kudzakuuza kuti ulione lili pansi, manja uike kumbuyo! Ine ndasalapo chakudya m'masiku a mapemphero, koma kusala kumeneku kunandivuta koposa.

Komatu tinamvera, ndipo m'kumverako munatuluka zinthu. Namwino anapeza kuti si masamba onse amene anagwa ndi mphepo imodzi. Kusacheuka kuja, anapeza kuti makutu anatsekeka. Atawatsuka, a Kalekeni anayambanso kumva, n'kuyambanso kuimba, ndipo a kwaya akudandaula mpaka lero. Anawayeza maso, anawayeza magazi, chifukwa akuti nthawi zina chithokomiro, kapena chisoni chokhalitsa, chimamuzimitsa munthu ngati nyali yotha mafuta, ndipo zimenezo zili ndi thandizo. Zobwezeka zinabwerera. Koma kamangidwe kaja kakupitabe pang'onopang'ono, ndipo kameneko anatiuza mosabisa kuti ndi matenda oiwalaiwala, amene anthu obadwa ngati mlongo wangayu amawapeza msanga kuposa ife. Mankhwala ochiza palibe. Koma dzina lilipo, ndipo dzina ndi chishango. Mudzi utamva kuti ndi matenda, mawu a pa mjigo aja anazilala. Lero a Kalekeni akasochera, wowapeza amawagwira dzanja n'kuwaperekeza, ndipo amafika kunyumba atadya kale.

Ntchito ya chipinda tikutsegulachi ndi imeneyo. Muno munthu sadzayezedwa ndi muyeso wa sukulu imene sanapiteko, kapena wa mnzake amene sanafananepo naye. Adzayezedwa ndi iye mwini: iye wa lero pambali pa iye wa chaka chatha. Wodziwa kusoka fodya adzasoka, wodziwa kusenda mtedza adzasenda, wodziwa kuvala yekha, kupeza njira ya ku mjigo, kutchula adzukulu mayina, zimenezo ndizo mayeso ake. Anamwino adzaona, adzajambula manja ake pa foni, ndipo pakapita miyezi adzaonanso. N'chifukwa chake ndikukupemphani, abale anga: musadikire kuti tsamba liyambe kugwa. Bwerani nawo akadali amphamvu, chigafa chikadali chodzaza, kuti tidziwe zimene zinalimo.

Ndikuganiza makamaka za inu matenanti. A Esau akhala apawa, amene nawonso chigafa chawo n'chachifupi chibadwire, anachokera ku Phalombe ndi mphwawo, amene akulima pa esiteti ina kufupi ndi Chamama. Ena amene anawadziwa a Esau ali mnyamata ali kutali, ena ali kumanda. Chaka chamawa banjali likhoza kukhala ku Mchinji kapena ku Mzimba, pakati pa anthu ena achilendo. Ndani adzadziwe kumeneko kuti a Esau amapatula mtedza wovunda mwa kungougwedeza pa khutu, ndipo saphonya? Tsiku limene adzayambe kuphonya, ndani adzadabwe? Eni maesiteti, apatseni anthuwa tsiku loti abwere nawo achikulire awo. Fodya sathawa. Mafumu, mukamva mawu oipa pa wokalamba wosochera, mutumizeni kuno asanafike pa bwalo. Ndipo inu operekeza odwala, mukalowa pa khomo ili, pakamwa musiye panja pamodzi ndi nsapato.

Tsopano abusa, tsekani khutu limodzi, chifukwa chimene ndinene sindinakuuzenipo.

Mayi athu akumwalira anandigwira dzanja n'kunena kuti, "Fainala, mwanayu ndi wako." Ine ndine wamkulu kwa iye, ndipo thupi layamba kundiuza, shuga ndili naye, miyendo imatupa. Kwa nthawi yaitali tsopano, m'mawa uliwonse ndikagwada, ndikatha kupempherera mvula ndi ana ndi mpingo, ndimawonjezera mawu ena chapansipansi. Ndimati, "Ambuye, mukamadzatitenga, muyambe mwatenga mlongo wangayu." Mlongo wanji wopempherera mlongo wake imfa? Si kutopa naye ayi, Mulungu ndi mboni. Ndi mantha.

Tsiku lina masana, kutentha kutandigonjetsa, ndinatsamira matumba m'chigafa n'kuwodzera. Ndinalota ndamwalira. Sizinali zowawa, ndinali wopepuka ngati tsamba louma, ndikuyenda pamwamba pa minda, mizere ya fodya ikudutsa pansi panga, mitengo ya mango, misewu yofiira, zonse zili zii ngati Lamulungu m'mawa. Kenaka ndinaona chigafa chathu, chitatalika mpaka kumene kumathera dziko, mikangala yonse ili mbee, masamba ali pansi. Pakati pake panakhala nkhalamba itagwira chingwe, ikungochiyang'ana. Anthu osawadziwa ankadutsa n'kumafunsana kuti, "Kodi ameneyu ndani?" Wina n'kuyankha kuti, "Musiyeni, anabadwa choncho." Ine ndinkakuwa kuti ayi, ameneyo ndi Kalekeni, chingwe chake sichinkataya tsamba, funsani aliyense! Koma mawu sankatuluka, ndipo woti afunsidwe panalibe. Nditadzidzimuka ndinapeza a Kalekeni atakhala pambali panga, akundiingitsira ntchentche ndi tsamba la fodya. Anati, "Achemwali, mumalira kutulo. Mwalota njoka?"

Mantha anga ndi amenewo, olemekezeka nonse. Sindiopa kuti adzasowa chakudya. Mudzi wathu si wouma mtima. Ndimaopa kuti ine ndikadzapita, munthu amene iye anali adzapita nane m'manda, iye akadali moyo.

Tayang'anani tsono pa khomo la chipindacho. Mwaona kuti palibe riboni wa m'sitolo. Chimene chapingasa pamenepo ndi chingwe cha fodya, ndipo achimanga ndi a Kalekeni, m'mawa womwe uno inu musanafike, Mayi Chisale akujambula. Mbali yoyamba anamanga bwinobwino. Atafika mbali yachiwiri, zala zinaima. Ndinaona dzanja la a Dorika likunyamuka lokha. Ndinaligwira pa mkono, iwonso anagwira langa, chifukwa nalonso linali litanyamuka. A Ezelina anadzikulunga manja m'chitenje. Tinaima amayi atatu ngati akaidi, tikuyang'ana. Nthawi inatalika, njiwa ikulira mu mtengo umo, ine ndikupemphera ndi mano. Kenaka zala zija zinayenda. Anazunguliza kamodzi kokha, osati kawiri monga kale. Kukoka ndi mano anaiwala. Koma anasisita pamene anamangapo, n'kunena kuti, "Khala pompo."

Onani mmene chikulendewera, mbali ina yolimba, mbali ina yofooka. Palibe amene wachikonza, ndipo palibe amene achikonze. Chimenecho ndicho choonadi cha mlongo wanga lero, ndipo ndiwo muyeso woyamba wa chipinda chino. Manja akewo tsopano asungidwa muno. Namwino amene adzabwere Mayi Chisale atapuma, ngakhale amene sanabadwe, adzatha kuona kuti nkhalamba iyi inali mmisiri, ndipo adzadziwa pamene madzi ankalekeza.

Choncho abusa, tsegulani khutu lija. Pemphero lija ndalisiya pano, pamaso pa anthu onsewa. Mawa ndikagwada ndidzati, "Ambuye, tengani amene mufuna, pa nthawi yanu. Mlongo wanga akudziwika."

Nthungululuzo zisungeni pang'ono, amayi, ntchito sinathe. Bwana amene mwanyamula sizasi m'mbalemo, pepani, ibwezeni. Chingwe cha a Kalekeni sichidulidwa; kwathu chingwe chabwino timamasula, chaka chamawa chidzagwirenso ntchito. Achimwene, tanyamukani. Bwerani kuno, jekete lakukhalani bwino. A Esau, aperekezeni anzanu. Chimene munamanga m'mawa chija, tamasulani kuti anthu alowe.

Pang'onopang'ono, palibe akuthamangitsani. Mlamu, manja kumbuyo. Inunso bwana, musawathandize. Tiyeni tonse tidikire.

Eya. Chamasuka.

M'dzina la Mulungu amene amadziwa tsamba lililonse ndi pamene linakolowekedwa, ndiponso m'malo mwa mabanja onse amene akhala akutola masamba mobisa, ine Fainala Gondwe, mchemwali wake wa Kalekeni, ndikulengeza kuti chipinda chino chatsegulidwa tsopano. Oyamba kulowa akhale eni ake. Ife olemekezeka tibwere pambuyo.

Zikomo kwambiri.